Ndale zobisika m'mabuku a Jane Austen

Ambiri amati Jane Austen, wolemba mabuku wa ku England, ankangolemba za zibwenzi ndi maukwati. Mukafuna kuona ndale zake, londolani ndalama: zikuchokera kuti, nanga lamulo likuti zigwere m'manja mwa yani?

M'buku lake la Pride and Prejudice, malo a Longbourn amabweretsa mapaundi 2,000 pachaka, koma ana aakazi asanu a Bambo Bennet sangawalandire ngati cholowa, chifukwa lamulo likuti malowo apite kwa mwamuna. Adzapita kwa Collins, wachibale wamwamuna. Ndiye phuma la Mayi Bennet lokwatitsa ana si kupepera chabe.

Nkhani yakula m'buku lake la Mansfield Park la 1814. Sir Thomas Bertram ali ndi munda ku Antigua, chilumba chimene nzimbe zake zinkalimidwa ndi akapolo. Fanny Price, mtsikana wachibale amene akuleredwa m'nyumba mwake, atamufunsa za malonda a akapolo, m'chipindamo munangoti zii. Britain inali italetsa malondawo mu 1807, koma ukapolo weniweniwo unapitirira mpaka lamulo la 1833.

Apa ndi pomwe owerenga amaterereka. Edward Said, katswiri wounika mabuku, mu 1993 anati bukuli limangovomereza chuma chautsamunda osachifunsa. Ena amati dzina lakuti Mansfield likukumbutsa Lord Mansfield, woweruza wa mlandu wa 1772 umene unamasula kapolo wina dzina lake Somerset ku England, koma bukulo silimutchula n'komwe, choncho umboni umenewo ndi wopepuka.