Tinayamba ndi makola a akalulu, njoka zinachita kutipeza

Shopu yathu ya ukalipentala ili ku Luwinga mu Mzuzu, ndipo chimene chimatidyetsa kuyambira kale ndi makola a akalulu, a nkhunda ndi a zinziri. Tilipo atatu: ine, mphwanga, ndi mayi a kunyumba amene amasunga buku la ndalama, poti ine ndalama ikagona m'thumba imandiyabwa.

Tsiku lina kunafika bambo wina amene anakhalitsa ku Joni. Anazungulirazungulira pa makola, kenaka n'kutsitsa mawu: "Amisiri, mungandikhomere khola la njoka ziwiri?" Mphwanga anaika randa pansi n'kutuluka ngati akukataya madzi. Nanenso maganizo anathamangira komwe aliyense wa kuno angathamangire, kuti wosunga njoka m'nyumba ngokhwima, akufuna chuma.

Bamboyo anaseka n'kutulutsa foni. Njokazo amazitcha corn snake, kwawo ndi kum'mwera chakum'mawa kwa America, madera ngati Florida ndi Georgia, kumene zimakonda kusaka makoswe pafupi ndi nkhokwe za chimanga. Zilibe ululu, mbewa zimachita kuikulunga n'kuifinya. Yaikulu imafika mita imodzi ndi theka, ndipo yosamalidwa bwino imatha zaka 15 mpaka 20. Ku South Africa anthu amaziweta ngati mmene ena amawetera mphaka. Ndinavomera, nanga ntchito inali itasowa mwezi umenewo.

Safunsa anadya phula. Ndinakhoma bokosi limodzi lalikulu, masentimita 120 m'litali, 60 m'lifupi, 60 msinkhu, kutsogolo magalasi awiri otsetsereka. Matabwa ake anali a paini wa ku Chikangawa, amene mmisiri aliyense mu Mzuzu muno amagwiritsa. Pansi ndinawaza utuchi womwewo poganiza kuti ndakometsa. Mwiniwake atangonunkhiza anapukusa mutu: mafuta a paini wamuwisi amavuta njoka popuma. Tinakokolola utuchi wonse, mkati tinapaka vanishi kangapo, n'kudikira mpaka fungo litatheratu, pansi n'kuyala nyuzipepala.

Chachiwiri ndiye chinandichititsa manyazi. Pamene magalasi awiri aja amapitirirana ndinasiya kampata koti chala chakanise chimalowa. Kalulu sangakaone n'komwe. Njoka yaing'onoyo inatulukira pomwepo usiku wachiwiri, ndipo anakaipeza patatha masiku anayi itadzipinda kuseri kwa furiji, pofunda. Pamene mutu wa njoka wadutsa, thupi lonse lidutsa. Lero mpata uliwonse ndimauyesa ndi pensulo, mabowo a mpweya ndimatchinga ndi sefa ya waya wowirira, ndipo pagalasi pamakhala loko.

Koma phunziro lenileni linali la kuzisunga ziwiri pamodzi. Ife tinazolowera kuti chiweto chimafuna anzake. Kalulu, mbuzi, nkhuku, zonse ndi zapagulu. Tikaona njoka zija zitasanjikizana m'kamphika kogaduka kamene zinkabisalamo, tinkati zikukondana. Ayi ndithu. Zinali kulimbirana malo amodzi ofunda, ndipo yaikulu ndiyo inkakhala pabwino. Yaing'ono inayamba kukana chakudya. M'mawa wina anapeza mbewa yosanzidwa pakona, fungo losaneneka, koma yasanza ndi iti? Palibe akanadziwa. Ndowe zikaoneka zachilendo, funso lomwelo. Imodzi ikagwidwa ndi tinthata, inzake nayonso yagwidwa. Kenaka zinadziwika kuti ndi yaimuna ndi yaikazi, ndipo yaikazi ikakweredwa isanakhwime mazira amatha kuikanirira m'mimba mpaka kuipha. Tiana ta njoka zamtunduwu nato, ngakhale si kawirikawiri, timatha kumezana tikalimbirana mbewa imodzi.

Bamboyo anabweranso ali ndwii. "Amisiri, tigawe pakati?" Ndinakana. Bokosi logawa pakati limasiya njoka iliyonse ndi kachipinda koti singatambasuke, komanso mbali imodzi imatenga kufunda konse. Tinakhoma lachiwiri n'kulisanjika pamwamba pa loyamba, lililonse ndi mobisala muwiri, kofunda ndi kozizira, mbale ya madzi yolemera yoti isagubuduzike, ndi nthambi yokwerapo. Pasanathe milungu itatu yaing'ono ija inayambanso kudya, ndipo pofundula khungu linatuluka lathunthu ngati sokosi. Alipo amene amasunga zazikazi ziwiri zofanana msinkhu m'khola lalikulu osaona vuto, koma pa shopu pathu wofuna khola la njoka ziwiri timamuuza mtengo wa makola awiri.

Kwa kanjoka kongoswa kumene sindigulitsa n'komwe bokosi lalikulu. Kontena ya pulasitiki yotseka molimba, yoboola timabowo m'mbali, ndi yokwanira, poti pamalo aakulu opanda pobisala kamachita mantha.

Nanga kuzizira kwa kuno? Mu Juni ndi Julayi, chifunga chikatsika m'mawa, njoka ya ku Florida imavutika. Mbali yofunda imafunika madigiri 28 mpaka 30, ndiye timasiya malo pansi pa mbali imodzi poika kamphasa kotenthetsa ka magetsi, kokhala ndi kachipangizo kodula kutentha kukapyola. Magetsi akazima, botolo la madzi otentha lokulunga m'thaulo limapulumutsa, ndipo sabata yozizira kwambiri bola osaidyetsa, chifukwa njoka yozizidwa sigaya chakudya, imasanza.

Makasitomala a njoka ndi owerengeka, sindinganame. Chimene chatipindulira ndi luso la magalasi otsetsereka lija, poti pano amayi ogulitsa mandasi ndi makeke akutivutitsa ndi maoda a mabokosi osalowa ntchentche. Mphwanga anazolowera, amanyamula yekha makola kukasiya. Mayi a kunyumba ndalama ya njoka amailemba bwinobwino m'buku, koma tsamba lake analipinda pakona, ndipo patsamba limenelo salemba china chilichonse.