Nyemba za m'botolo lachinayi

Tulo sitikubwera, bola ndilembe. Madzulo ano ndasemphana mawu ndi mwana wanga wamkazi chifukwa cha nyemba.

Ali Fomu 3, ndipo aphunzitsi a Bayoloje anawapatsa ntchito yofufuza zimene mbewu imafuna kuti imere. Sabata yatha anaika nyemba zisanuzisanu m'mabotolo anayi. M'loyamba thonje louma. M'lachiwiri thonje lonyowa. Za m'lachitatu anazimiza m'madzi owiritsa atazizira, n'kuthira mafuta ophikira pamwamba. Akuti kuwiritsa kumathamangitsa mpweya m'madzi, mafutawo amatseka kuti wina usalowe. Lachinayi thonje lonyowanso, koma mufiriji.

Atatu oyambawo anamvera buku: zamera ndi za m'lachiwiri zokha. Koma magetsi anazima masiku awiri, ndiye ndi dzuwa la Okutobala lino firiji inangosanduka kabati. Nyemba ziwiri za m'lachinayi zinatulutsa timizu toyera, topindika ngati mbedza.

Ndamupeza pa zotsatira walemba 0.

"Iwe, ziwiri zija zapita kuti?"

"Amayi, buku likuti pozizira sizimera. Ndikalemba 2 andichotsera malikisi."

Ndamuuza kuti bukulo silinaname, koma mufirijimo simunali mozizira. Alembe 2, pansi pake afotokoze kuti magetsi anazima, botololo linafunda ngati lachiwiri, choncho silingatiuze kanthu za kuzizira mpaka atabwereza. Mmene ndikuonera ine, pamenepo m'pamene pali phunziro lenileni, kuposa mabotolo atatu omvera aja.

"Anzanga ena sanayese n'komwe, angokopera. Iwowo apeza zonse, ine wovutikane ndilephere?"

Apa ndinasowa mawu. Mwanayu wakhala akudzuka m'mamawa masiku 7, kuwerenga nyemba ndi tochi ya pafoni, kulemba tsiku lililonse m'kope mwake. Chikundiwawa n'chakuti mantha akewo si opanda pake. Inenso kusekondale mayeso ambiri a sayansi tinkangowajambula kuchokera pabolodi, osagwira ngakhale botolo, ndipo palibe anatiuzapo kuti zikalakwika umalembanso zomwezo. Mwina n'chifukwa chake ndinakweza mawu kuposa mmene zinafunikira. Anagwetsa nkhope, misozi ili lengelenge.

Posachedwapa ndasuzumira patebulo. 0 uja wafufutidwa, koma sanalembepo china. Pepala lachita kupyapyala ndi labala. Lipotilo likufunika Lachisanu, ndipo botolo lija walitulutsa mufiriji, waliika pambali pa kope.