Tinapita kukaona njovu ku Lifupa, tinathera pa ndere

Loweruka lapitali ine ndi alamu anga tinalowera ku paki ya Kasungu, galimoto yobwereka mashoku ake anatha kalekale, pofika ku Lifupa msana unali utachoka. Timafuna njovu zija 263 anazitenga ku Liwonde mu 2022, koma tinangoona ndowe basi. Apusi ndiye mbweee, wina anatsomphola mandasi m'jumbo ine ndikuyang'ana.

Alamuwa amaphunzitsa sayansi ku sekondale ndiye sakhala chete. Akuti apusi awa ndi ambiri musawadandaule, wodandaulitsa ali ku Tanzania, ku phiri la Rungwe, ukangooloka Songwe sipatali. Dzina lake kipunji, asayansi anamuona koyamba mu 2003, atawawerenga anangopitirira 1,000 pang'ono, nkhalango yawo ikutha ndi nkhwangwa komanso makala ngati kwathu konkuno. Anandionetsa pa foni, ubweya wautali, kanthenje pamutu ngati wangodzuka kumene, chisoni chinandigwira ndithu.

Tikukwera Black Rock anandikoka malaya, "alamu taimani, mwaponda." Ine kuyang'ana pansi ndere youma gwaa mumng'alu wa mwala, yabulauni ngati fodya woiwalika m'chigafa. Anathirapo madzi a m'botolo mwanga (osapempha) ndiye tinangonjuta pamenepo dzuwa likutiotcha, posakhalitsa timasamba tija tinayamba kutambasuka nkubiriwira. Eee ndinadabwa, ndimayesa chinafa kale.

Apa mpamene anayamba ya Takakia, ndere ya kumapiri a Tibet, mtundu wake wakhalapo zaka pafupifupi 390 miliyoni, mapiri a Himalaya asanatukuke nkomwe. Imakhala miyezi yambiri pansi pa chipale, koma kafukufuku wa mu 2023 anapeza kuti ikuchepa chaka ndi chaka poti kumeneko kukutentha. Akuti kipunji adani ake amaoneka, munthu wa nkhwangwa ukhoza kumugwira nkumutengera kwa amfumu, nanga kutentha ungakusumire kuti? Ndinawauza kuti komabe atati tisankhe chimodzi choti tipulumutse, ine ndalama yanga ndingapereke kwa kipunjiyo, ali ndi maso, amayamwitsa mwana. Alamu anangoti "ndimadziwa," nkundibwezera botolo lopanda kanthu.

Madzulo ndinaponya zithunzi ziwiri pa gulu la WhatsApp la kubanja. Cha pusi wakuba mandasi anthu anaseka mpaka usiku. Cha ndere anayankha ndi amayi okha, akuti mwana wanga mafuta onse aja kukajambula mwala?