Zimene Doegi anaona ku Nobu

Mwezi uno ndakhala ndikuwerenga mavesi okamba za lilime, n'kumalemba m'kope zimene zandikhudza. Ndinayamba ndi odziwika aja: Yakobo 3, pamene lilime likuyerekezedwa ndi chiwongolero chaching'ono cha ngalawa yaikulu komanso kamoto kotentha nkhalango yonse, kenaka Miyambo 18:21, yoti imfa ndi moyo zili mu mphamvu ya lilime. Ndinkangogwedeza mutu. Mumtima ndinkati awa akunena anthu abodza, ine sindinama.

Amene wandisowetsa tulo ndi Doegi, pa 1 Samueli 21 ndi 22. Anali wa ku Edomu, mkulu wa abusa a ziweto za Mfumu Sauli. Tsiku limene Davide anafika ku Nobu, mzinda wa ansembe, akuthawa Sauli, Doegi anali pomwepo, ndipo anaona wansembe Ahimeleki akumupatsa mkate wopatulika ndi lupanga la Goliati. Pambuyo pake Sauli akudandaula kuti palibe womuuza kanthu, Doegi anaimirira n'kufotokoza. Mkatewo unaperekedwadi. Lupanganso linaperekedwadi. Koma anauza mfumu imene mtima wake unali utadzaza kale nsanje, pa nthawi imene inkasaka woti imulange. Sauli atalamula kuti ansembe aphedwe koma asilikali n'kukana kuwakhudza, Doegi yemweyo ndi amene anapha ansembe 85 tsiku limodzi, mzinda wonse wa Nobu n'kutheratu, ana ndi ziweto zomwe. Mwa ana a Ahimeleki anapulumuka Abiyatara yekha.

Salimo 52, limene mutu wake umatchula Doegi, limafanizira lilime lotere ndi lumo lakuthwa lochita zachinyengo. Poyamba ndinadabwa kuti chinyengo chili pati, poti munthuyo ananena zimene anaona ndi maso. Ndabwerezabwereza nkhaniyi ndipo ndikuona kuti chili pa zimene mawuwo anatumidwa kukachita. Ahimeleki sankadziwa n'komwe kuti Davide akuthawa, koma mmene nkhani inafikira kwa Sauli, anaoneka ngati woukira.

Apa m'pamene ndinaleka kulemba. Chaka chatha mnzanga wina anandiuza zakukhosi, zokhudza munthu amene sankamvana naye kuntchito. Patapita masiku munthu uja anandifunsa, ine ndinabwereza mawu onse osawonjezera ngakhale limodzi. Mpaka lero salankhulana. Nthawi yonseyi ndakhala ndikudzitonthoza kuti ndinangonena zoona, ndipo tsopano chitonthozo chimenecho chandithera. Miyambo 26:20 imati nkhuni zikatha moto umazima, ndipo kopanda wamiseche mkangano umatha. Nkhuni zimene ndinasonkhezera zinali zenizeni, n'chifukwa chake zinayaka bwino.

Sindikunena kuti tizibisa zoipa. Miyambo 31:8 imalamula kutsegula pakamwa polankhulira amene sangathe kudzilankhulira, ndipo kukhala chete pamenepo ndi tchimo lina. Chimene chikundivuta n'chakuti funso loti "kodi n'zoona?" ndi lopepuka. Lolemera ndi loti ndikuuza ndani, ndipo akachita nazo chiyani.

Pemphero la pa Salimo 141:3, lopempha mlonda pakamwa, ndinkaliona ngati la anthu otukwana. Sabata ino ndalipemphera m'mawa uliwonse, ndipo dzulo ndinamuimbira foni mnzanga uja kumupempha kuti tikumane. Wavomera, ngakhale mawu ake anali ozizira.