Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Pamene Ndinayamba Kutsegula Injini

M'gawo lapita lija ndinakuuzani mmene ndinapezera njinga yamoto yanga yoyamba, yoti wina anali atakwerapo kale, ya silinda imodzi koma yoziziritsidwa ndi madzi. Miyezi yoyambirira inandisunga bwino. Kenako inayamba kubwata.

Poyamba zinkachitika pokwera mtunda pokha. Kagetsi kofiira kakayaka ndinkaima pambali, madzi ali kutokota m'mapaipi. Posakhalitsa ngakhale pamalo oti see madzi ankasefukira m'kabotolo kosungira kaja n'kumatayikira pansi. Ndithire m'mawa, pofika madzulo atsika.

Malume anga anali makaniko maso asanayambe kuwavuta. Nditawafotokozera, sanathamangire kunena za gasiketi, kachimbale kopyapyala kotseka mpata wa pakati pa silinda ndi hedi, mutu wa injini. Anati tiyambe ndi zing'onozing'ono. Chotsekera cha rediyeta anthu amachipeputsa, komatu ndicho chimapanikiza madzi, pafupifupi 1.1 bar pa njinga zambiri, kuti asawire akangofika madigiri 100. Changa chinali bwino. Thermostat, kavavu kamene kamatsegula njira ya madzi injini ikatentha, tinaiviika m'madzi otentha, inatseguka. Fani ndiye sinkazungulira n'komwe, switch yake inali itafa.

"Ndiye tapezatu, malume?"

"Tapeza choyambitsa, mphwanga. Chimene chawonongeka sitinachione. Injini ikazizira utsegule rediyetayo, ulize injiniyo."

Nditailiza, tithovu tinayamba kubwera pakamwa pa rediyeta, ndipo ndikawonjezera moto tinkachuluka. Umenewo unali mpweya wa m'silinda ukudutsa pa gasiketi ya hedi n'kulowa m'njira za madzi. Oyilo anali asanatuwe, ekizozi sinkafuka utsi woyera. Ambiri amadikira zizindikiro ziwirizi kuti akhulupirire, koma gasiketi ikapsa pakati pa silinda ndi njira ya madzi, oyilo akhoza kukhala wabwinobwino injini ikuvutika.

Kumasula sikunavute kwenikweni: kukhetsa madzi, kuchotsa thanki, ekizozi, kabureta ndi chivindikiro cha pamwamba. Ndinazunguza injini mpaka chilembo cha T chinafika pa mzere wake, pisitoni ili pamwamba penipeni. Apa malume anandigwira mkono ndisanachotse sipuroketi ya camshaft, chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavavu. Anandipatsa kawaya kuti ndimange tcheni cha taimini ku felemu. Tcheni chimenechi chikapulumuka chimagwa ngati ndowa m'chitsime, ndipo kuchivuula mumdima wa pansi pa injini si masewera.

Mabawuti a hedi tinawamasula pang'onopang'ono mopingasa, ili kenako lakutsidya, osati kumaliza limodzi ena akadali olimba. Hedi itachoka, bala linaoneka poyera: kamzere kakuda, kopyapyala, kochokera m'mphepete mwa silinda kupita pabowo la madzi. Mbali imeneyo mutu wa pisitoni unali wotsukika, pamene kwina konse kunali mwaye.

Ine mtima unali pa kuika gasiketi yatsopano tsiku lomwelo. Malume anakana. Hedi ndi ya aluminiyamu, ndipo ikatentha mopitirira imapindika pang'ono moti diso silingaone. Titapala zotsalira za gasiketi yakale ndi kapulasitiki, chifukwa chitsulo chimakanda, tinagoneka rula yachitsulo pamwamba pake, m'litali, m'lifupi ndi mopingasa. Buku la njingayo linkalola mpata wosapitirira 0.05 mm. Malume sankaona manambala a pa feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mpata, ndiye ndinkawasankhira kachitsulo koyenera, iwo n'kumakalowetsa pansi pa rula atatembenukira kumbali, akumvera ndi zala. Pafupi ndi bala lija kanalowa mosavuta.

Tinamata sandipepa wosalala wa 400 pa galasi lochindikala, tinamunyowetsa, ndinayamba kukhutiza hedi ija mozungulira ngati ndikulemba 8. Ntchito yotopetsa, ndipo ndinene pano kuti njira imeneyi ndi ya hedi yopindika pang'ono chabe. Yopindika kwambiri njofunika makina. Ndinkati ndikhutize, nditsuke, tiyeze, ndibwererenso, mpaka kachitsulo kaja kanakana kulowa paliponse.

Gasiketi yatsopano tinaiika youma, popanda silikoni, itakhala bwino pa timapini take tiwiri. Silikoni wofinyika amatha kutseka tinjira ta oyilo. Pomanga ndinabwereka torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira bawuti. Pali amakaniko amene amati dzanja lawo limadziwa, ndipo sindikangana nawo, koma langa nthawi imeneyo silinkadziwa kanthu. Tinamanga mopingasa, katatu, kukwera pang'onopang'ono mpaka pa mulingo wa m'buku. Kenako zizindikiro za taimini, mpata wa mavavu, ndi kuzunguza injini ndi sipanala maulendo awiri kuti ndimve ngati pisitoni ikugunda vavu.

Tinaika switch yatsopano ya fani, oyilo watsopano ndi madzi osakaniza ndi coolant (mankhwala othira mu rediyeta), ndikufinyafinya mapaipi kuti mpweya wotsalira utuluke. Injini inalira, tithovu toyamba tinatuluka n'kutha. Itatentha, fani inadzuka yokha, kenako inazima yokha.

Sabata isanathe, mnzanga wina anabwera akukankha njinga yake, ati wamva kuti ndine makaniko. Yakeyo inali yopanda rediyeta, yoziziritsidwa ndi mphepo, ndipo vuto lake linali lina. Za iyeyo ndi ntchito yoyamba imene ndinalipidwa, tikumane m'gawo 10.