Arm64 ndi ngongole za kachewere

Poti nkhani yafika kale pamsika wa ku Ulongwe, ndipo ena akuti ndinalira, bwanji muimvere kwa mwini wake. Sindinalire. Unali utsi wa mbaula.

Laputopu yanga ndinaiwonjezera RAM, memori yogwirira ntchito, kufika 8GB, koma Windows 7 yanga inkangoona zitatu ndi kanyenyeswa. Mphwanga wa ku Tete anati, "Malume, 32-bit siipyola 4GB, m'malo mwa Windows ikani Debian ya 64-bit." N'kudula foni. Mwaona? Anadula yekha.

Nditatsegula pokopera ndinapeza mitundu iwiri ya Debian, amd64 ndi arm64, itagundizana ngati mapasa. Apa ndiye ndinagwiritsa ntchito nzeru. Pa laputopu yanga pamatidwa kapepala ka Intel, ndipo aliyense amadziwa kuti Intel ndi AMD, makampani opanga processor, ubongo wa kompyuta, ndi akazi a mitala. Ndingalowetse bwanji katundu wa mkazi wamng'ono m'nyumba ya wamkulu? Ndinasankha arm64. Ndani akanandiuza kuti amd64 imayendanso pa Intel, dzinalo linangotsalira poti AMD ndiwo anayamba nayo mu 2003, pomwe arm64 ndi ya mafoni ndi timakompyuta ta Raspberry Pi?

Ndinakopera usiku uwiri, ma giga pafupifupi 4, foni ili pamwamba pa nkhokwe pomwe netiweki imagwira. Ndinaiika pa fulashi, kenaka ndinafufuta D: yonse, chigawo cha disiki chomwe ndinkasungamo mafayilo, kusesa pabwalo mlendo asanafike.

Ndinabaya fulashi, n'kuyatsa. Mdima bii. Pakona kamzere koyera kakuphethira. Phethi. Phethi. Ndinakhala pampando manja ali pachifuwa ngati mfumu yodikira mlandu. Mayi akunyumba anasuzumira: "Abambo, yafa kodi?" Ine, "Ikuganiza." Anaphika nsima, tinadya, anatsuka mbale, kamzere kali phethi. Ndinazula fulashi, ndinaiuzira ngati moto wa nkhuni zaziwisi, ndinaipukuta pa malaya, ndinaibaya mbali inayo. Ndinaiyankhulanso mwaulemu, m'Chipwitikizi, mwina Chichewa sinkamva. Tambala woyamba analira tikuyang'anizana, iko kakuphethira, ine osaphethira. Magetsi onse a Cahora Bassa anathera pa kamzere kamodzi.

Kutacha ndinachotsa fulashi. Windows 7 inadzuka bwinobwino, ndi kanyimbo kake komwe, ili 32-bit yomweyo, RAM zitatu ndi kanyenyeswa zomwezo. Chomwe chinasintha ndi D: basi. Mbee! Zithunzi za ukwati wa alamu, mbee. Ndi fayilo ija ya onse amene anatenga matumba a kachewere wa ku Tsangano pangongole.

Mphwanga akuti processor yanga sikanamva ngakhale liwu limodzi la arm64, zili ngati kulalikira m'Chitchaina ku Domwe. Chabwino. Koma zilembo za amd64 ndi arm64 n'zofanana, nanunso mukanagwa.

Ndaona kuti amene mukuseka kwambiri ndi omwe munali mu fayilo muja. Ena ndikukukumbukani nkhope. Matumba okha ndiye ndasokoneza, kaya anali asanu kaya asanu ndi awiri.