Yezani chingwe chili chete

Chimene chandimasula mutu pa nkhani ya chingwe cholowetsera makodi mu rimoti n'chaching'ono moti chikundichititsa manyazi. Waya wa serial akakhala kuti sakutumiza kanthu, sikuti alibe magetsi. Amakhala atayima penapake, ndipo pamene wayimapo ndi pamene pangakuuzeni ngati chingwe chanu chidzamvana ndi rimoti. Kumbali ya rimoti, waya wachete amakhala pamwamba, cha m'ma 3 V. Kumbali ya poti ya DB9 ya kompyuta, ija ya mapini 9 yotsatira lamulo la RS-232, waya wachete amakhala pansi pa ziro, pakati pa -3 V ndi -15 V. Mbali ziwirizi zimayankhula mozondoka. Kusungunula mtovu konse kuja, kusinthanitsa mawaya konse kuja, gwero lake linali pamenepa.

Ndikunena za marimoti a JP1, opangidwa ndi Universal Electronics, monga ambiri a One For All, aja okhala ndi mapini 6 m'chipinda cha mabatire. Za kuika RMIR, pulogalamu yokopera ndi kulemba makodi mu rimoti, pa kompyuta ndi kusankha makodi a TV kapena dekoda sindikambapo, anzanga okonza zamagetsi m'tauni muno mukuzidziwa kale. Sindikambanso za JP1 yakalekale ya EEPROM, imene inkadzera pa poti ya pulinta. Imeneyo ndi I2C, nkhani ina. Pano ndi za JP1.2 ndi JP1.3, zimene zimayankhula serial wamba. Pa mapini 6 aja timagwiritsa ntchito anayi: pini 2 ndi reset, pini 3 ndi GND, kutanthauza negetivu ya mabatire, pini 4 ndi khutu la rimoti, pini 6 ndi pakamwa pake. Amene ali ndi chingwe cha FTDI TTL-232R-3V3 savutika: wobiriwira wa RTS ku pini 2, wakuda ku pini 3, wa olenji wa TXD ku pini 4, wachikasu wa RXD ku pini 6. Wofiira mumusiye, mumukulunge tepi. Ali ndi 5 V ngakhale chingwecho chalembedwa 3V3.

Vuto limabwera chifukwa chimene chimapezeka msanga m'mashopu a makompyuta kuno ku Joni ndi chingwe cha USB chothera ku DB9, kapena kompyuta yakale ya kaunjika yokhala ndi poti ya COM kumbuyo. Dzina ndi lomwelo, serial, ndiye munthu amangodula mutu wa DB9 n'kulumikiza mawaya molunjika ku rimoti. Apo rimoti ikumva 1 pamene kompyuta yati 0, komanso ikulandira magetsi a negetivu pa mwendo umene sunapangidwire zimenezo. Ikapulumuka ndi mwayi chabe.

Tsono pali mayeso amene tonse timawakhulupirira, ndipo ndi amene amatisocheretsa: loopback. Mumalumikiza TX, waya wotumiza, ndi RX, waya wolandira, kumapeto kwa chingwe, n'kutsegula pulogalamu ya serial monga Tera Term kapena PuTTY, n'kulemba zilembo, zikabwerera pa sikirini mumati chingwe chili bwino. Taganizani bwino. Ngati simunatembenuze siginolo ngakhale kamodzi, zilembo zibwerera. Ngati mwatembenuza popita n'kutembenuzanso pobwera, zibwereranso. Ngati mwasokoneza waya wa TX ndi wa RX, zibwererabe, poti mwawagwirizanitsa nokha. Loopback ili ngati mboni ziwiri zimene zapangana kale zokanena kwa amfumu: mawu awo agwirizana ndithu, koma mlandu sunaoneke. Imangotsimikiza kuti chingwe chikumvana chokha, kuti driver ali moyo ndiponso kuti palibe waya woduka. Za chinenero cha rimoti sinena kanthu.

Mita ndiye sinama. Chotsani rimoti, lowetsani chingwe ku kompyuta, ikani mita pa DC, wakuda pa waya wopita ku pini 3, wofiira pa waya wopita ku pini 4. Musatumize kanthu. Mukaona 3 V kapena 3.3 V, muli panjira. Mukaona negetivu, mukadali pa RS-232, simunatembenuze. Mukaona 5 V, kabodi kanu ka USB, monga ka chipu cha CH340, kakutulutsa magetsi ochuluka. Ena ali ndi kajampa kosankhira 3.3 V. Mukaona pafupi ndi ziro, ndiye kuti mwina thiranzisita yotembenuzira siginolo yayaka nthawi yosayenera, kapena rezisita yokokera m'mwamba palibe, kapena waya amene mwagwirayo si TX. Miniti imodzi, ndipo mwadziwa mbali yoyang'ana. Ine ndinganene kuti mavuto ambiri a zingwe zopanga tokha amaululika pomwepa, musanakhudze n'komwe chowotcherera.

Pali kamsampha pa tiziboda ta USB: RX nayenso amatha kuonetsa 3.3 V chifukwa cha rezisita yofooka ya m'kati mwa chipu. Kuti musiyanitse, ikani rezisita ya 4.7k pakati pa wayayo ndi GND, muyezenso. TX weniweni sagwedezeka kwenikweni. RX amagwa mpaka pafupi ndi ziro. Musadalire zolembedwa pa bodi, ena amalemba TX kutanthauza kuti "apa lumikizani TX wa mnzakeyo".

Chotembenuzira chake n'chosavuta. Kuchokera pa pini 3 ya DB9, rezisita ya 10k kupita ku base ya thiranzisita ya NPN. Emitter ku GND. Collector ku pini 4 ya rimoti, ndipo pa collector pomwepo rezisita ya 4.7k kupita ku 3 V. Kompyuta ikakhala chete ili pa negetivu, thiranzisita yazima, collector yakokedwa kufika 3 V, ndiye chete amene rimoti imamudziwa. Kompyuta ikakwera ku pozitivu, thiranzisita yayaka, collector yatsika ku 0.1 V kapena 0.2 V. Dayodi ya 1N4148 musaisiye: mzere wake wakuda ku base, mbali inayo ku GND. Ntchito yake ndi kugwira negetivu uja kuti asapyole -0.7 V pa base, chifukwa pakati pa base ndi emitter sipapirira magetsi obwerera kumbuyo oposa 5 V kapena 6 V. Mukaiika chozondoka imameza pozitivu yemwe amayenera kuyatsa thiranzisita, ndipo collector imatha kungokhala pamwamba kapena kutsika mwa apo ndi apo. Mita pa chete ionetsa 3 V wabwinobwino, koma palibe chodutsa.

Ndiye chifukwa chake kuyeza chete kuli ndi mnzake: kuyeza waya akugwira ntchito. Chilembo chachikulu U ndi 0x55. Pa 8N1, katumizidwe wamba ka serial, mukawerengera start bit ndi stop bit, chimatuluka 0, 1, 0, 1 mosinthana mpaka mapeto. Tumizani fayilo yodzaza ma U okhaokha, mita pa collector itsike kufika pafupifupi theka, cha m'ma 1.5 V. Ikakhalabe pa 3 V, thiranzisita sikuyaka. Kungodina U pa kiyibodi sikukwanira, mipata yake ndi yayitali, mita siiona bwino.

Miyendo ya thiranzisita nayo yatha anthu. Chithunzi chojambulidwa ku America chimati 2N3904, inu mukapita kukagula akupatsani BC547 n'kunena kuti n'chimodzimodzi. Ntchito ndi imodzi, inde, koma mukayang'ana mbali yafulati miyendo ili pansi, 2N3904 ndi emitter, base, collector, pamene BC547 ndi collector, base, emitter. Choipa n'chakuti thiranzisita yozondoka siifa, imagwirabe ntchito mofooka, ndiye pa rezisita zinazake imaoneka ngati ili bwino. Yezani ndi mita pa timabowo ta hFE, toyezera thiranzisita: mbali imene yapereka nambala yaikulu ndiye yolondola.

Pamene ndinakhalitsa ndi njira yobwerera, kuchokera pa pini 6 ya rimoti kupita pa pini 2 ya DB9. Chotembenuzira ndi chomwecho, 10k ku base, collector ku kompyuta. Rimoti ikakhala pamwamba collector ili pafupi ndi ziro, ndipo ngakhale ziro si RS-232 yeniyeni, machipu olandirira RS-232 a mtundu wa MAX232 amamulandira ngati negetivu. Rimoti ikatsika, thiranzisita yazima, collector ikwere. Ikwere kufika pati? Munthu amati 3 V. Ayi. M'kati mwa cholandirira cha RS-232 muli rezisita yopita ku GND, lamulo lake limati pakati pa 3k ndi 7k, kawirikawiri 5k. Ndiye 4.7k yanu ndi 5k imeneyo zagawana magetsi: 3 V kuchulukitsa 5 kugawa 9.7, mwapeza 1.55 V. MAX232 imayamba kuona pamwamba cha m'ma 1.7 V, ndipo pepala lake limalola kuti ina ifune mpaka 2.4 V. Mwakhala pakhonde, simuli m'nyumba simuli pabwalo. Ichi ndicho chingwe chija chimagwira pa kompyuta ya mnzako n'kukana pa yako, kapena kugwira lero mabatire ali atsopano n'kukana sabata yamawa. Mabatire akatsika kufika 2.6 V, pa collector pamatsala 1.34 V. Sinthani rezisitayo ikhale 1k: pa 3 V mupeza 2.5 V. Mtengo wake ndi wakuti pa chete ikudya 3 mA, ndiye ngati 3 V mukumutenga ku mabatire a rimoti, musasiye chingwe chili cholowetsa usiku wonse. Ndipo muyeze collector chingwe chili ku kompyuta, chifukwa chikakhala pachokha mita ionetsa 3 V wathunthu n'kukupusitsani. Rimoti sikufunika pa mayesowa: gwirani nsonga ya 10k ku GND, kenako ku 3 V, muone collector ikukwera ndi kutsika.

Reset ndi yachidule. Pini 7 ya DB9 ndi RTS, imadzera pa thiranzisita yachitatu yomangidwa ngati yoyamba, collector ku pini 2 ya rimoti. Pulogalamu ya RealTerm ili ndi mabatani oyatsira ndi kuzimitsira RTS, ndiye mutha kuona pa mita waya akutsika ndi kukwera. Chizindikiro chake chikalakwika n'chodziwika: mukangolowetsa chingwe rimoti imafa, kagetsi kake sikayaka mukadina batani, mukazula imadzuka. Ndiye kuti pini 2 yagwidwa pansi. Tiziboda tambiri totchipa timatulutsa DTR yokha pa mapini ake, RTS palibe, onani musanagule.

Chimandiwawa n'chakuti zonsezi ndi lamulo la Ohm ndi thiranzisita ngati swichi, zinthu za maphunziro a kukoleji a N2 ndi N3. Koma m'kalasi la madzulo la Industrial Electronics nthawi imathera kujambula mizere ya amplifier ndi kuloweza mayankho a mapepala a zaka zapitazo. Munthu ukhoza mayeso osagwirapo mita pa collector ngakhale tsiku limodzi. Aphunzitsi nawo akuthamanga ndi silabasi, ukafunsa za chingwe amati zimenezo sizibwera pa mayeso. N'zoona sizibwera. Nanga nthawi yoyesera wekha ili kuti, waweruka mochedwa, wayima pamzere wa takisi pa Bree, ukafika ku Rosettenville kapena ku Mayfair mdima wagwa, mwinanso magetsi azima chowotcherera chili chozizira? Akanangotiuza kamodzi kokha kuti waya aliyense wa siginolo ali ndi pamene amapumira, ndipo uyambe kufunsa pamenepo.

Zotsalazo ndi zazing'ono koma zimaluma. Mapini a rimoti ali m'mizere iwiri, 1, 3, 5 mbali ino, 2, 4, 6 mbali inayo, motalikirana 2.54 mm. Pulagi mukaiyang'ana kumaso manambala amaoneka mozondoka ngati pagalasi. Musawerenge ndi maso: chotsani mabatire, ikani mita pa kulira, mupeze pini imene ikulira ndi sipuling'i ya negetivu, imeneyo ndi 3. Mukatembenuza pulagi, 3 amagwera pa 4, 1 pa 6, 2 pa 5. Mabatire azikhala mu rimoti pokopera, ndipo akhale amoyo. Tsekani Tera Term musanatsegule RMIR, poti imodzi sitsegulidwa ndi mapulogalamu awiri. Zingwe za chipu chotsanzira PL2303 zimaonetsa Code 10 mu Device Manager, pamenepo mita ilibe chochita. M'miyezi ya June ndi July mpweya wa kuno umauma kwambiri, juzi limathetheka. Khudzani chitsulo cha kompyuta musanagwire mapini. Ndipo rimoti ikangoyankha koyamba, kopani zonse zili m'katimo musunge musanalembemo kanthu.

Wina anena kuti bwanji osangogula kabodi ka MAX3232 ndi makapasita ake a 0.1 µF, kapena chingwe cha FTDI, n'kuiwala mathiranzisita. Ali ndi mfundo. Koma nazonso zikakana, funso ndi lomwe lija, chete ali pa mavolti angati, ndipo amene anamangapo chotembenuzira ndi manja amadziwa pogwira.

Pamene mita yanga yokondedwayi ikuthera ndi pa liwiro. Imaona pamwamba, pansi ndi theka, koma siiona ngati collector ikukwera mochedwa chifukwa cha waya wautali ndi rezisita yaikulu, kapena ngati thiranzisita ikuchedwa kuzima itakhuta magetsi pa base. Chingwe chimene chimapeza rimoti n'kudukiza pakati pokopera chikuloza kumeneko. Kufupikitsa mawaya ndi kuchepetsa rezisita ya pa collector kumathandiza, koma kumeneko ndi kupapasa mumdima. Ndikadalingalira ngati ndisunge ndalama ya logic analyzer yaing'ono, kachipangizo koonetsa siginolo ikukwera ndi kutsika, kapena ngati pa marimoti awiri atatu pamwezi n'kungotaya ma rand. Mwina ndiyambe ndayesa 2.2k pa pini 4, ndione.